Chitenje cha apongozi

Chaka chimene mwana wanga wamkazi ankakwatiwa, abale anatuma ine kukagula zitenje za ukwati kutsidya, ku Mozambique. Kwathu ku Mbungo amayi onse a pabanja timavala chitenje chofanana pa ukwati, ndipo wovala chitenjecho amadziwika kuti ndi mwini ntchito. Kusinja ndi kwake, kutunga madzi ndi kwake, utsi wa pamoto ndi wake. Tinalipo amayi khumi ndi awiri. Ndinasankha chobiriwira cha maluwa achikasu, chimene pachilumba pano panalibe anali nacho, ndipo wogulitsayo anali atatsala ndi khumi ndi ziwiri zokhazo.

Pobwerako, boti litakocheza, ndinapeza padoko wa kasitomu watsopano, wokhometsa msonkho wa katundu, wochokera kumtunda, nsapato zili ngwee ngati sayenda pamchenga. Msonkho ndinalipira bwinobwino. Koma bamboyo anagwirabe mtolo wanga, akusisita nsalu.

"Mayi, dzuwa lonseli ndaima pano, palibe kangachepe?"

Ndinati ndilibe. Iye anati basi katundu agone mu ofesi, aunikidwe bwino sabata yamawa. Limeneli linali Lolemba, ukwati Loweruka. Ine pakamwa ndili napo, afunseni aneba, koma tsiku limenelo ndinachita mantha. Bamboyo anasolola chitenje chimodzi n'kundiuza kuti ndiyende bwino.

Kunyumba ndinapeza ang'ono anga ndi azilamu akudikira pabwalo. Aliyense anatsomphola chake, changa ndinathamangira nacho kwa telala. Apongozi anga, amene amakhala ku Yofu, anafika mawa lake mtolo utatha.

Ine ndi apongozi sitinkamwerana madzi kuyambira kale. Ankati mwana wawo anakwatira mkazi wolongolola, ndipo mwina sankanama. Nditawafotokozera za kudoko, anangondiyang'ana.

"Wa kasitomu? Mwapeza pobisalira. Mwandimana dala inu. Ukwati wa mdzukulu wanga ndidzaumvera ku Yofu."

Ndikanawapatsa changa, koma telala anali atachidula kale. Mkwatibwi analira tsiku lonse, akuti agogo ake akapanda kubwera iyenso salowa m'tchalitchi. Ine chakudya chinandikanika.

Lachinayi ndinapita kumsika ku Chipyela kukagula mchere. Apongozi analinso komweko, tonse tikuchita ngati sitikuonana. Mwadzidzidzi ndinaona maluwa achikasu aja akudutsa pakati pa mabenchi a tomato. Anavala ndi mayi wachitsikana, wachilendo, wooneka waulemu ndithu. Ndisanatsegule pakamwa, apongozi anali atamugwira kale dzanja.

"Mwana wanga, ndinu a kwa yani? Banja langa ndimalidziwa lonse, koma inu sindikukukumbukani."

"Ndine mlendo, amayi," anayankha mayi uja akupinda mawondo. "Andigulira ndi amuna anga, amagwira ntchito kudoko."

Msika wonse unaphulika nako kuseka. Apongozi okha sanaseke.

"Akugulirani? Chabwino. Mawa m'mamawa mufike ku Mbungo, kuli kusinja. Wovala nsalu iyi sakhala pansi."

Anatembenuka n'kumapita, osandiyang'ana n'komwe. Mayi wogulitsa tomato ndiye anamukokera mlendoyo pambali kumufotokozera zonse. Ndinamumvera chisoni, chifukwa iye sanalakwe kanthu.

Lachisanu dzuwa litangotuluka mayi uja anatulukira, chitenje chochapa ndi chosita chili m'manja. Pambuyo pake pankabwera mwamuna wake, wa kasitomu uja, chipewa kumanja, nsapato zija zitayera ndi fumbi. Apongozi anali atafika kale, atakhala pamphasa ngati sanalumbire kuti sabwera. Bambo uja anagwada. Ine ndinali nditakonza mawu okwana mtanga, koma apongozi anandiletsa ndi dzanja.

"Nsaluyi yavalidwa kale, mwini wake ndi ameneyu," anatero. "Valani, mwana wanga, mtondo uli apo. Inu bambo, poti mwalowa m'banja mwathu, mabenchi ali kutchalitchi."

Bamboyo anasenza mabenchi mpaka masana, anyamata a boti akumuwombera m'manja panjira. Mkazi wake anasinja mpaka matuza, ndipo pofika madzulo ankaseka nafe ngati wakwathu. Mpaka lero bamboyo akandiona kudoko amati "alamu", ndipo mtolo wanga amauyang'ana msanga, manja osachedwapo.

Loweruka apongozi anabwera atavala chitenje chawo chakale, okhaokha osiyana ndi tonse. M'tchalitchi anadutsa ana awo n'kudzakhala pafupi ndi ine, chinthu chimene anali asanachitepo. Nyimbo ili mkati anandinong'oneza.

"Ndinakunamizirani, mwana wanga."

Misozi inandilengeza. Ndinamasula duku langa, limene telala anandisokera ndi nsalu yotsala, n'kuwamanga kumutu pomwepo. Anang'ung'udza kuti ndimamanga ngati mtolo wa nkhuni, koma sanalivule mpaka ku Yofu.