Chumuni cha kwa Dolly

Mukafunsa pamsika wa Nkhata Bay kuti Mackford Thole anali yani, akuyankhani kuti ndi mkulu uja anamanga chumuni chimene chinathyola munthu msana. Akatero abwerera ku usipa wawo ngati anena zanzeru. Zaka makumi atatu za ntchito, anthu opanda manyaziwa akukumbukapo tsiku limodzi.

Mackford anabadwira kumtunda, cha ku Mpamba. Sukulu anailekezera sitandade folo, n'kupita kukaponda dothi kunyumba za azungu a pa esiteti, kumene Juni akafika ankasonkha moto pabalaza. Kumeneko ndiye anaphunzira za chumuni. Azungu atachepa, Mackford anatsikira kutauni, n'kumamanga mauvuni a mabanzi ndi makhitchini a malo ogona alendo. Mwaye unamulowa m'chifuwa. Ankatsokomola ngati injini ya boti yokana kulira, ndipo asanatulukire pakona anthu ankadziwiratu kuti ada Thole akubwera.

Simenti sankaifuna pamalo a moto. Ankati imaphulika. Iye zake zinali njerwa zowotcha ndi dothi la pachulu, loviika masiku awiri, lopondedwa mpaka lizimata ngati phula. Akamanga, lamulo lake linali limodzi: masiku khumi a kamoto ka utuchi ndi mankhusu a mpunga, kofuka chabe, kuti madzi atuluke pang'onopang'ono. Moto waukulu pa dothi laliwisi umawiritsa madzi m'kati mwa khoma, ndipo khomalo limang'ambika.

Dolly anali mlamu wake, mkazi wa malemu mng'ono wake. Kwawo kunali ku Ntcheu. Mwamuna atamwalira, achibale anafuna kumukweza basi ndi ana ake anayi kuti puloti itsale. Mackford yekha ndiye anaimirira pakhomo n'kunena kuti wofuna kuchotsa mayiyu ayambe wachotsa iye. Dolly anatsala, akumaphika mabanzi kuseri kwa msika, ndipo wosonkha moto wake anali Yakobe, bambo wa ana awiri wa ku Chintheche.

Mu Epulo 2004, mvula ikukanabe kutha, chumuni chakale cha uvuniwo chinang'aluka, utsi n'kumadzaza shedi yonse. Dolly anayamba wafunsa Gibson, kontirakita wa ku Mzuzu amene ankayenda ndi pikapu ndi tepi m'chiuno. Gibson anati masiku awiri, simenti yokhayokha. Mackford atamva anabwera osaitanidwa.

"Alamu, mwafika poti n'kukafunsa anthu omanga zimbudzi?"

"Ndimaopa chifuwa chanucho, ada. Mungatsokomole muli pamwamba n'kugwera mu ufa wanga."

"Ufa wanuwo ungakomeko."

Anagumula chakalecho, n'kumanga china chachitali kuposa denga. Zinamutengera sabata yathunthu chifukwa cha mvula. Tsiku lomaliza, Yakobe atapita kukatenga nkhuni, Mackford anasamba m'manja n'kumuuza Dolly lamulo lija.

"Khumi?" anatero Dolly. "Kodi mwamanga tchalitchi?"

"Khumi. Ndi chinyezi ichi ndikadati khumi ndi anayi, koma ndakumverani chisoni."

"Sitima yapita kale imodzi ndili chimanjamanja."

"Ipitenso ina. Ilala siithawa nyanja."

Amene sanagulitsepo padoko sangamve. Sitima ikaima, amalonda a ku Likoma ndi Chizumulu amagula mabanzi ndi madengu, ndipo akakusowa kawiri amazolowera dengu la mnzako. Dolly anapirira masiku atatu. Lachinayi lake m'mawa anagwira khoma, n'kumva kuti lauma. Kunja linalidi louma. Anauza Yakobe kuti asonkhe moto wa mabanzi, ndipo Yakobe, amene za masiku khumi sanazimve, anaunjika nkhuni.

Cha m'ma teni koloko chumuni chinayamba kutuluka thukuta. Kenako chinalira ngati nsungwi pamoto. Yakobe anali atawerama pakamwa pa uvuni pamene theka lakumwamba linabooleza malata n'kumugwera pamsana. Sanafe. Koma kuchokera tsiku limenelo miyendo yake sinamvenso kanthu.

Mackford anafika akupuma movutika. Anatola chibuma chimodzi n'kuchiphwanya ndi chala. M'kati munali monyowa, motentha. Anayang'ana phulusa la nkhuni zikuluzikulu, n'kuyang'ana mlamu wake. Dolly anayang'ana pansi.

Patatha sabata abale a Yakobe anabwera kwa Dolly kudzakamba mlandu, wowatsogolera ali a Lawrence, amalume ake, munthu wolankhula mofatsa ngati akuwerenga kalata. Achibale a malemu mwamuna wa Dolly anabweranso osaitanidwa, n'kukhala kutsogolo. Iwo ankadikira mawu amodzi okha, oti mlendo uja wapundula mwana wa kuno, kuti basi ya ku Ntcheu ipezeke.

"Ada Thole," anatero a Lawrence, "ife za zomangamanga sitizidziwa. Tiuzeni inu. Chumuni chatsopano chimagwa bwanji?"

Mackford anatsokomola nthawi yaitali. Dolly anali atakhala pamphasa, ana anayi atamuunjikira kumbuyo.

"Ndinamanga ndine," anatero.

"Zimenezo tikudziwa. Tikufunsa ngati pali china."

"Dothi ndinasankha ndine, njerwa ndinayala ndine. Mukufunanso dzina la yani?"

Basi, mlandu unathera pa iye. Anapereka mbuzi zake zonse ndi njinga, ndipo munda wake wa chinangwa ankalimira banja la Yakobe. Zimenezo sizinamuwawe. Chinamudya ndi choti palibe anamuitananso. Anthu omwe anadya buledi wa m'mauvuni ake kuyambira ali ana, omwewo ndiwo ankati ukalamba wamulowa m'manja. Pamalo ochezera ankamukuwiza kuti, "Ada, musakhale pafupi ndi khoma, lingakuzindikireni." Gibson anatenga ntchito zonse. Mauvuni ake a simenti ankang'aluka chaka chisanathe, koma poti sanagwere munthu, ankangomuitananso kuti adzamate.

Dolly ankamutumizira mabanzi Loweruka lililonse. Tsiku lina anabwera yekha, n'kuima pakhomo.

"Alamu, ndikanene."

"Mukanene kuti Yakobe adzuke?"

"Dzina lanu latha."

"Ana anu ali fomu chani tsopano?"

"Wamkulu ali fomu thiri."

"Ndiye pitani mukaphike."

Zaka zake zomaliza Mackford ankakhala pakhonde, akusoka maukonde a anthu ena, ntchito imene sankaidziwa bwino. Chifuwa chinamutenga mu Julayi 2008.

Pamaliro, abusa atamaliza, Dolly anaimirira pakati pa azimayi popanda womupatsa mpata. Ananena zonse: za masiku khumi, za sitima, za khoma louma kunja, ndi kuti moto uja analamula ndi iye. Ananena mofuula, mpaka azimayi awiri anamugwira n'kumukhazika pansi. Yakobe anali pomwepo pa njinga yake ya olumala. Anamuyang'ana mayiyo nthawi yaitali, kenako anapempha mkazi wake kuti amukankhe azipita.

Ena onsewo anapukusa mitu mwachisoni. Pobwerera kumanda ankauzana kuti mayi wa ku Ntcheu uja ali ndi mtima wabwino, mpaka kudzinamizira mlandu pofuna kuyeretsa mlamu wake. Pamaliro, ankatero, aliyense amakhala mmisiri wabwino.