Malo Amene Sindinasiye pa Disiki

Linali Lachiwiri loyamba la mwezi wa Juni, nthawi ili pafupi 9 koloko m'mawa, pamene bambo aja anagogoda pa kashopu kanga pa Ulongwe. Chitseko chinali chotsegula kale. Anagogodabe.

Ntchito yanga ndi yotaipa makalata, kusindikiza zithunzi ndi kuika nyimbo m'mamemore khadi a anthu. Ndili ndi laputopu imodzi, pulinta ndi benchi. Bambowa ndinawadziwa ndili mwana ku Chikweo. Munda wawo wa chinangwa unachita malire ndi wa malemu bambo anga, ndipo ngakhale iwo ankapita ku mzikiti ife ku tchalitchi, makasu tinkabwerekana. Sabata imeneyo anali atabwera kudzaona mwana wawo wamkazi amene amakhala kuseri kwa msika.

Za maliro ndinali nditamva. Mwana wawo wamwamuna womaliza anamwalira ku Joni, kumene ankagwira ntchito yomanga, ndipo anamuika komweko. Kumudzi kunangofika chikwama, chobwera ndi mnzake. Foni yake inali yosweka.

Anakhala pa benchi, n'kumasula mfundo ya kampango. Munali kamemore khadi, kochepa ngati chikhadabo.

"Mwananga, umu muli mawu ake," anatero. "Ankajambula mawu n'kumatitumizira. Moni kwa amayi ake, nkhani za kuzizira kwa kumeneko, nthawi zina kuimba kumene. Foni imene tinkamverapo inafa ndi mvula ya chaka chino. Mnzake uja akuti zonse zilinso umu."

"Ndikutsegulireni mumve, baba?"

"Iyayi. Amayi ake sangathe panopa. Akuti arubaini iyambe yadutsa." Ankanena mapemphero a tsiku la makumi anayi. "Inu muwasunge mu makina anuwo. Kakhadika mufufute, muikemo Kurani. Amayi ake akufuna kawailesi kawo kaziwerenga Kurani kuchokera mu chinthu cha mwana wawo, kuti madalitso azimupeza kumene ali."

Ndinavomera. Anati kakhadiko adzatenga m'mawa mwake, popita kukakwera galimoto ya kumudzi.

Apa ndinene za laputopu yanga. Chaka ndi theka m'mbuyomo disiki yake yakale inafa, ndipo mayi wina wokonza makompyuta ku Balaka anandiikira ya mtundu watsopano, imene amati SSD, ya magigabaiti 128. Pondipatsa anandiuza kuti ndisamaidzaze. Ndinati ndamva. Koma ine ndinakulira pa khomo pamene nkhokwe yooneka pansi inkatanthauza njala. Malo opanda kanthu sindinaphunzire kuwaona ngati chinthu chabwino. Chilichonse chimene anthu ankabweretsa ndinkasunga, ndipo pofika Khirisimasi mzere wosonyeza kudzaza kwa disiki unali wofiira. Makina anayamba kuchedwa. Tsiku lililonse pankatuluka kabokosi ka Chingerezi kodandaula za malo, ine n'kumakatseka osawerenga, monga mmene munthu amaingitsira nkhuku pakhomo.

M'mawa umenewo ndinatsegula foda yatsopano, n'kuyamba kukopera zonse za mu kakhadi. Zili m'kati, panalowa mayi wina wofuna kalata ya kusukulu, basi yake ili pafupi kunyamuka. Kabokosi kanatuluka. Ndinakatseka. Mayiyo atapita ndinasuzumira mu foda muja, ndinaona zithunzi zili ndandanda, ndipo ndinakhutira. Ndinafomata kakhadi, zonse zimene zinalimo n'kufufutika.

Kurani yonse sinafike ndi theka lomwe la kakhadiko. Malo otsalawo anandisowetsa mtendere. Ndinaganiza za mayi wofedwa uja, kuti masiku makumi anayi ndi ambiri. Ndinaonjezera makaswida onse amene ndinali nawo, nyimbo zija za Chisilamu, kenaka maulaliki a mashehe, mpaka kakhadi kanakana kulandira china. Ndinakakulunga mu pepala ndikumva kuti ndachita bwino.

Chakumasana ndinaganiza zowasindikizira chithunzi chimodzi cha mwanayo, chongowapatsa. Ndinatsegula foda ija bwinobwino. Munali zinthu makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, zonse zithunzi. Makoma osamaliza, milu ya njerwa, nsapato zatsopano zili pa bedi. Mawu munalibe. Ndinafufuza paliponse. Kenaka ndinayang'ana malo otsala pa disiki, ndinapeza kuti palibe ngakhale okwanira nyimbo imodzi. Kabokosi kaja sikanali kodandaula ngati masiku onse. Kankandiuza kuti kukopera kwaima.

Ndinatseka shopu n'kukwera minibasi. Ndinasintha pa mphambano ya ku Liwonde, ndipo ku Balaka ndinafika cha m'ma 2 koloko.

Mayi wokonza makompyuta uja ndinamupeza akudya mbatata pa tebulo lodzaza mawaya.

"Achimwene a ku Ulongwe. Yatani nkhokwe yanu?"

Ndinafotokoza. Anapukuta manja n'kuyatsa laputopu.

"Mzere uwu wafiira liti?"

"Khirisimasi."

"Ndiye mumayesa ndi zokongoletsa za Khirisimasi? Tili mu Juni, achimwene."

Anatenga kakhadi n'kukaika mu kompyuta yake.

"Musataye mtima msanga. Kufomata pakokha sikupha. Kuli ngati kuzula zikhomo za malire, mbewu zikadali m'munda. Chimene chimapha ndi kulembapo zina pamwamba. Penapake pamene simunalembepo tipeza kanthu. Munaika zochuluka bwanji?"

"Ndinadzaza."

"Kufika pati?"

"Mpaka kanakana."

Sanandisekenso. Anayatsa pulogalamu yofufuzira zofufutidwa, n'kunena kuti itenga ola kapena kuposa.

Podikira anatembenukira ku laputopu yanga. "Ndinakuuzani tsiku lija, koma mwina sindinafotokoze. Disiki iyi si ngati yakale ija. Ikafuna kulemba chatsopano pamalo pamene pali zakale, imayamba yasunthira zina pambali, kusesa, kenaka n'kulemba. Kwanu ku Chikweo mumayanika makaka, eti? Mukadzaza mphasa mpaka m'mphepete, mutembenuzira kuti?"

"Timasiya kangodya."

"Kangodyako ndi kamene ndikunena. Pa magawo khumi siyani awiri opanda kanthu. Zikakuthinani kwambiri, limodzi, koma osatsika pamenepo. Yanuyi musiye magigabaiti 25. Mukapanda kutero imayenda ngati nkhalamba, imatha msanga, ndipo tsiku limene mudzafune malo mudzawasowa." Analoza mzere wofiira uja. "Tsikulo ndi lero."

Anayamba kuyang'ana chimene chinadya malo. Nyimbo zinali zambiri ndithu, komanso zithunzi za maukwati a anthu amene mwina analekana kale. Koma pamwamba pa zonse panali mafoda atatu: Kwaya, Kwaya kope, Kwaya kope 2. Iliyonse magigabaiti 14.

"Kwaya itatu, achimwene? Mukufuna kukalowa kumwamba katatu?"

Anatsegula yoyamba ndisanamuletse. Panaoneka amayi ovala zoyera akuimba pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi chathu. Wachitatu kuchokera kumanzere, amene nthawi zonse ankachedwa kuomba m'manja, anali mkazi wanga. Anamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, mu mwezi wa Okotobala.

Mayiyo anaona nkhope yanga, n'kutsitsa mawu a kanemayo.

"Alamu?"

Ndinagwedeza mutu.

"Pepani." Analoza mafoda aja. "Atatu onsewa ndi ofanana?"

"Ndi ofanana. Ndinkaopa kuti imodzi ikaonongeka."

"Achimwene, makope atatu pa disiki imodzi ndi kope limodzi. Nkhokwe ikapsa, sifunsa kuti matumba analimo angati. Kope lachiwiri limakhala kwina."

Ndinawerengera mumtima. Makope awiri opanda ntchitowo anali magigabaiti 28. Mawu onse a mwana uja sakanatha ngakhale awiri.

Ndinagula fulashi pomwepo, ndipo anandikoperamo foda imodzi, akuyang'anitsitsa mpaka kumapeto, n'kuwerenga mafailo mbali zonse ziwiri. Anandifunsa ngati afufute enawo. Ndinati iyayi. Anati chabwino, dzanja lake lisakhale lofufuta zimenezo.

Pulogalamu ija inamaliza dzuwa litapendeka. Inapeza Kurani, makaswida ndi maulaliki. Inapezanso tizidutswa tinayi ta mawu. Titatu tinakana kutseguka. Kachinayi kanatseguka. Kanali ka masekondi awiri: phokoso la mphepo, ndi munthu akukoka mpweya kuti ayambe kulankhula. Tinakamvera kasanu.

"Kulibe kwina kumene angathe?" ndinafunsa. "Ku Blantyre?"

"Ndikanakutumizani. Koma pamene palembedwa, palembedwa."

Mu minibasi yobwerera ndinakhala kumbuyo, laputopu ili pamiyendo. Sindibisa zimene ndinaganiza. Bambo aja sadziwa kuwerenga. Ndikanawapatsa kakhadi kawo m'mawa, akanathokoza n'kupita. Arubaini inali idakali kutali ndi masabata atatu. Pofika nthawiyo ndikanati makina anafa ndi magetsi, ndipo aliyense pa Ulongwe akanandikhulupirira, chifukwa makina amafadi ndi magetsi. Iwo akananena kuti ndi mmene Mulungu anafunira. Bodzalo linali losavuta, ndipo ndinayenda nalo kuyambira ku Balaka mpaka pa mphambano.

Chimene chinandiletsa ndi masabata atatuwo. Mumtima ndinaona mayi wofedwa uja akuwerenga masiku ndi zala, akudzilimbitsa kuti tsiku lakuti adzamva mwana wake akumupatsa moni. Ine ndimadziwa mmene munthu amadikirira mawu. Mkazi wanga nditamuika ndinatha miyezi inayi ndisanathe kutsegula Kwaya, koma tsiku lililonse ndinkadziwa kuti ali momwemo, ndipo nditatsegula ndinamupeza.

M'mawa mwake ndinafika pa shopu anthu a tomato asanayale. Ndinaika fulashi ija, n'kutsegula makanema atatu kuti ndione ngati akuseweradi. Kenaka ndinafufuta Kwaya kope ndi Kwaya kope 2. Makina anandifunsa ngati ndatsimikiza. Kabokosi kameneko ndinakawerenga konse. Mzere unasiya kufiira.

Mwa zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri zija, chimodzi chokha chinali ndi nkhope ya mwana uja. Anadzijambula yekha atavala chipewa cha pa ntchito, ndipo chithunzicho chinamudula khutu limodzi. Ndinachisindikiza pa pepala labwino limene ndimasungira za ukwati. Kachidutswa ka masekondi awiri kaja ndinakaika mu foni yanga.

Sindinadikire kuti bambo aja abwere. Ndinatseka shopu n'kudutsa mu msika. Ndinawapeza pakhonde akumanga kachikwama kawo ndi chingwe.

"Ajimwiche uli, baba?" ndinawapatsa moni wa m'mawa mu Chiyao.

"Ndadzuka, mwananga. Mwavutikiranji, ndimabwera komweko."

Ndinakhala pansi, osati pa mpando umene mwana wawo wamkazi ananditulutsira. Ndinawapatsa kakhadi ndi chithunzi. Kenaka ndinawauza zonse monga zinachitikira, osatchula magetsi. Anamvetsera akuyang'ana chithunzicho.

"Mawu onse?"

"Onse, baba. Kwatsala mpweya wake wokha."

Ndinawaseweretsera kachidutswa kaja. Anapempha kachiwiri. Atamva anapinda kampango kawo pang'onopang'ono.

"Ine sinditha kukawauza amayi ake," anatero. "Sindidziwa mmene zimatayikira zinthu zimenezi. Akandifunsa ndidzati chiyani?"

"Ndikawauza ndine."

Ndinabwerera ku shopu, ndinalemba pa katoni kuti ndatseka mpaka Lachisanu, n'kuipachika pa chitseko. Kenaka ndinawanyamulira chikwama kupita pa siteji.