Nkhunzi Imene Inadikira Imfa ya Bambo Anga

Nkhani iyi sindinamuuzepo munthu. Mkazi wanga anapita kumanda osaidziwa, ndipo abusa amene anandibatiza nditakula kale sanaimve. Kulemba ndinaphunzira mochedwa, kusukulu ya kwacha, imvi zitayamba, choncho wofuna Chichewa chokometsera akafune kwina. Ine ndingonena zimene ndinachita.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndikuweta ng'ombe kwathu ku Mlangeni, pamene bambo anga anagwa m'munda wa kachewere. Anabwera nawo kunyumba pangolo. Mkono ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, pakamwa patakhota, malovu akungotsika. Masiku ano ngakhale mwana amadziwa kuti imeneyo ndi sitiroko. Nthawi imeneyo anthu ankangonong'onezana kuti pali wina wawachita chipongwe.

Amayi anga, a Nanyoni, sanasamale zonong'onazo. Anagulitsa mbuzi zawo ziwiri ndi theka la chimanga cha m'nkhokwe, napita nawo bambo kuchipatala cha mishoni, cholipira. Patatha milungu itatu anabwerako bambo akutha kukhala tsonga, ndipo chala chachikulu cha dzanja lakufalo chinkagwedezeka akachiyang'anitsitsa. Ndikukumbukira tonse titazungulira mphasa, kuonerera chala chimenecho ngati gule. Achipatala anati azipita nawo pafupipafupi kukawongola ziwalo ndi kukatenga mankhwala. Koma ulendo uliwonse unkafuna ngolo, basi, ndi ndalama yolipira pawindo, ndipo mbuzi zinali zitatha.

M'khola munali nkhunzi ya bambo, dzina lake Mawanga. Ndinaiweta kuyambira ili thole. Inkadziwa mluzu wanga, inkandinyambita thukuta m'khosi ndi lilime lake lokhakhala. Koma kwathu kuno mwamuna wa ng'ombe ankakhala ndi nkhunzi yomudikira. Tsiku la maliro ake inkaphedwa kuti anthu adye, aone kuti amene wagonayo anali munthu. Mawanga inali nkhunzi imeneyo, ndipo mudzi wonse unkadziwa.

Tsiku lina masana ndili kuseri kwa khola ndinamva amayi akulankhula motsitsa mawu ndi a Sumani, Msilamu amene ankapha ng'ombe ndi kugulitsa mchere ndi sopo kumsewu. Anagwirizana kuti tsiku la msika adzabwere kudzatenga Mawanga. A Sumani anati adzawonjezerapo pamtengo, chifukwa bambo anawatulutsirapo ngolo m'matope osafuna kanthu.

Sindinaganize za chala cha bambo. Ndinaganiza za mpeni wa a Sumani. Ndinathamanga kwa abambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, amene anali ndi mawu pa ng'ombe zonse za pabanja, ndipo ndinawauza zonse. Anandisisita kumutu nandipatsa mbatata yootcha. Ndinadya.

Abambo aakulu anafika kwathu dzuwa lisanapendeke, ndodo ili m'manja.

"Mlamu, nkhunzi ija munabwera nayo kuchokera kwanu?" anatero kwa amayi.

"Alamu, mng'ono wanu akupuma. Tamuonani, akutimva."

"Ndikumuona. Nanga tsiku likadzafika tidzamuperekeza ndi chiyani, nkhuku? Mukufuna anthu adzatiseke kuti tamutaya ngati mlendo?"

"Adzakusekeni. Ine ndikufuna ayende."

"Ng'ombe za pano sizigulitsidwa ndi akazi."

Bambo ali pamphasa anamenya pansi katatu ndi dzanja lamanzere. Mawu anawakanika. Abambo aakulu anati mwaona, nayenso mwini wake akukana. Amayi anangowayang'ana bambo, ndipo bambo anatseka maso.

Kuchipatala sanapitenso. Amayi ankawathowa ndi madzi ofunda ndi kuwawongola mkono monga anaonera kwa anamwino, koma mankhwala anatha, chala chija chinasiya kugwedezeka, ndipo mvula itayamba anadwalanso kachiwiri. Sanadzuke.

Pamaliro mpamene ndinaona kuti mudzi wathu sunali wosauka. Anthu amene miyezi yonse ija sanabwere ndi dzira ngakhale limodzi anafika ndi madengu a ufa, mitolo ya nkhuni, ndi ndalama za chipepeso. Mawanga inaphedwa, osati ndi mpeni wa a Sumani koma ndi abale athu omwe, anthu nkudya mpaka kutapa ina kupita nayo kwawo. Ankayamikira kuti maliro ayenda mwaulemu. Ine, amene ndinkati ndikuipulumutsa, anandipatsa chiwindi chootcha poti ndinali mbusa wake. Ndinadyanso.

Amayi anakhulupirira mpaka imfa yawo kuti anaulula ndi a Sumani. Sanagulenso mchere pagolosale yawo. Ankayenda mtunda wautali kukagula kwina, ine ndikuwanyamulira, pakamwa panga pali tseke. A Sumani ankawapatsa moni nthawi zonse, amayi nkumayang'ana kumbali.

Ndikudziwa zimene mudzanene: unali mwana, ndiponso inali nthawi yawo. Mwina. Ine si dokotala, sindingalumbire kuti nkhunzi ija ikanawayendetsa. Koma mawu akuti inali nthawi yawo ndawamva pamaliro ambiri, ndipo kawirikawiri amatuluka pakamwa podzaza nyama. Ndinawakana kalekale, ndipo ndidzafa ndikuwakana.

Chandichititsa kulemba ndi ichi. Miyezi inayi yapitayo a Bizaliele, oyandikana nane nyumba, anagwa ndi matenda omwewa. Akazi awo, a Nankhoma, akhala akupita nawo kuchipatala kukawongola ziwalo, zimene masiku ano amati mafizo. Bamboyo wayamba kuima atagwira khoma. Koma njinga yamoto yowanyamula imafuna ndalama, wowagwirira kumbuyo kuti asagwe nayenso amalipiridwa malo, ndipo mankhwala ena amachita kugula. Njinga yawo yakapalasa inapita, mbewu ya kachewere inapita. Sabata yatha a Nankhoma anandiuza ali pamtondo, osandiyang'ana, kuti maulendo aja ayamba ayima kaye.

Mawu akuti kaye ndimawadziwa.

M'mudzi mwathu muli komiti ya maliro. Munthu akamwalira mbale yosonkhera chipepeso imayenda khomo ndi khomo, ndipo palibe amene amakana. Wapampando wake ndi Mofati, mwana wa mlongo wanga. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, anthu ali pansi pa mtengo, ndinaimirira nkupempha kuti mbale iyendere a Bizaliele panopa.

"Malume, mbale imayenda mtembo uli m'nyumba," anatero Mofati. "Mukufuna kuwalosera imfa?"

"Ndikufuna ufa wanuwo audye akadali ndi mano."

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi.

"Mwambo tinaupeza, malume."

"Inenso ndinaupeza. Ndinaudyera ndi chiwindi chomwe."

Palibe anamvetsa, ndipo sindinafotokoze. Mofati anandikokera pambali nkutsitsa mawu. "Mwakalamba, ndipo mumakhala nokha. Mukayendetsa mbale, bamboyo nkupezeka wafa, anthu adzati mwamudya ndinu. Mukudziwa zimene amawachita okalamba akawaloza chala."

Ndikudziwa. Mwanayo sankandiopseza, ankandimvera chisoni, ndipo sananame. Koma ndinakhalapo chete kamodzi chifukwa cha mantha, ndipo ndausenza uchete umenewo mpaka msana wapindika. Wachiwiri ndilibe pousenzera.

Chimodzi chokha sindikanachita: kusankhira munthu wodwala iye ali pomwepo. Masana omwewo ndinapita kwa a Bizaliele. Ndinawapeza pakhonde, a Nankhoma akuwapaka mafuta kumwendo. Ndinawauza zonse, ndi zimene Mofati ananena zomwe, nkuwafunsa ngati akulola. A Nankhoma anazengereza, anati anthu adzawanena. Ndinati mayi, tiyeni timve kwa eni ake, ngakhale zitenge mpaka mawa.

A Bizaliele analimbana ndi lilime lawo nthawi yaitali. Tinadikira, osawathandiza.

"Chipepeso changa," anatero pamapeto pake, mawu akutuluka limodzilimodzi, "bweretsani ndidye ndekha. Okumba manda amadya kwambiri."

A Nankhoma anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, kenaka anati chabwino, achimwene, yendani.

M'mawa mwake ndinavala jekete langa lopitira kumaliro, ndinatenga mbale yanga yachitsulo, nkuikamo ndalama imene ndinali nayo. Sindinayambire kwa anthu ofewa mtima. Ndinalunjika kwa Mofati, ndinaodira mokweza kuti oyandikana nawo amve, ndipo ndinakhala pakhonde pake, mbale ili pamaondo, kudikira kuti atsegule.