Tsiku Limene Bakari Anathamanga

Ku Nkhotakota kuno ukafunsa za Bakari Fakiri, anthu amayamba aseka kaye, kenako n'kukuuza kuti ndi bambo uja amene njinga inamupitirira ali pa lole. Nkhaniyo ndi yoona pang'ono. Panali pa chitunda cha ku Benga, lole itasenza mpunga, ndipo wanjingayo anali mphunzitsi wachinyamata wothamangira kwa chibwenzi chake. Koma anthu a kuno nkhani akaikonda saitaya.

Bakari anabadwira kuseri kwa mzikiti, mwana wamwamuna yekhayo pakati pa atsikana. Bambo ake ankayendetsa chombo cha matanga panyanja, ndipo anamwalira iye asanamere ndevu. Chimene anamusiyira ndi Chiswahili cha pakamwa basi, ndi mtima wosapupuluma. Mayi ake, a Mwanahalima, analera anawo ndi zitumbuwa za mpunga zimene ankagulitsa pamsika. Anali mayi olankhula mosapsatira. Za imfa yawo ankazikamba ngati mmene ena amakambira za ulendo wa ku Salima.

"Iwe Bakari," ankatero uku akutembenuza zitumbuwa, "alongo akowa kumanda sadzapita, Chisilamu sichilola. Wolowa m'dzenje kudzandilandira ndiwe. Ndisadzagwidwe ndi manja a ana a eni, wamva?"

Iye ankangoti wamva. Anayankha choncho ali kamnyamata, anayankhabe choncho imvi zitayamba, chifukwa mayiwo sankatopa kubwereza.

Chiwongolero anachiphunzira pa lole ya mmwenye wina wogula mpunga. Njanji za ku Mozambique zitatsekeka ndi nkhondo, katundu anayamba kudzera kumpoto, ndipo madalaivala odziwa Chiswahili anasowa ngati mchere wa m'dzinja. Bakari analembedwa ntchito ndi kampani ina ya ku Dar es Salaam. Anamupatsa lole yaikulu ya nambala za ku Tanzania, n'kumamutuma ku Zambia, nthawi zina ku Malawi konkuno.

Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti liwiro la galimoto siliyezedwa ndi matayala. Munthu amene kwawo njinga inamupitirira, kunja ankaimitsidwa tsiku ndi tsiku pa mlandu wothamanga. Wapolisi ankatulukira pansi pa mtengo, n'kukweza dzanja, n'kuyang'ana laisensi. Akangoona kuti ndi ya ku Malawi, mlandu wapezeka. Ulendo woyamba Bakari anatsutsa. Analoza kamuvi ka liwiro, analumbira, anatchula ndi dzina la Mulungu. Anamusunga pa dzuwa mpaka tomato amene anagulira mayi ake anaphwetekera m'thumba, ndipo chindapusa analipirabe.

Sanatsutsenso. Anapanga kachitidwe kake kamene madalaivala anzake anadzakatengera. Ukaimitsidwa, tsika wekha asanakuitane. Kofiya vula. Vomera kuti unathamangadi, pepesa, ndipo kanthu kako ukapinde m'kati mwa laisensi osayang'ana munthuyo kumaso. Kwa ena ankapereka fodya, kwa ena kathumba ka mpunga wa faya, umene fungo lake linkagwira ntchito kuposa ndalama. Ankati mlendo sakhala ndi mlandu, amangokhala ndi mtengo wake. Sankanena mokwiya. Ankanena ngati mmene munthu amanenera mtengo wa dizilo.

Kuno kwathu zaka zimenezo apolisi anali amantha pa za ziphuphu, poti sunkadziwa amene akakunenere. Koma lole ya nambala zakunja inali nkhani ina. Mlendo akadandaule kwa yani? Choncho pa zipata zina za msewu wa m'mbali mwa nyanja, kumene ankapingasa mtengo pa migolo iwiri, dzanja linkatambasuka mwakachetechete. Bakari ankadziwa. Akafika pamenepo ankangochita mwa chizolowezi, mawu awiri atatu a Chiswahili, kanthu m'laisensi, mtengo n'kukwezedwa. Laisensiyo palibe ankaiwerenga, ndipo palibe anamufunsapo kwawo.

Za khadi la chipani sankazilabadira n'komwe. Masiku amenewo popanda khadi sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Koma a Mwanahalima chaka chilichonse ankagula awiri, lawo ndi la mwana wawo, n'kulisunga m'chitini cha tiyi mpaka mwiniwake atadutsa. Ankamupatsa pamodzi ndi zitumbuwa za pa ulendo, ndi mawu aja a kumanda.

Chaka chimene tikunenachi kampani inamusunga nthawi yaitali pa msewu wa ku Zambia. Makhadi atsopano anatuluka iye kulibe. Pamene anapatsidwa feteleza wopita ku Lilongwe kunali kutatentha kale, mwezi wa Okutobala, mango akuyamba kupsa. Anatsika mapiri a ku Nkhata Bay m'mawa, pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Atapitirira Chintheche anaona lole yochokera kummwera ikumuthwanimira nyali. Anali Yasini, dalaivala mnzake wa kwawo ku Nkhotakota boma. Yasini anatsika, nabwera pa windo, kofiya ili m'manja.

"Achimwene, Mulungu ndiye watikumanitsa. Amayi atisiya m'bandakucha. A shehe anena kuti adikira mpaka swala ya alasiri, pemphero la dzuwa litapendeka, kupitirira apo ayi, kwatentha. Sakudziwa kuti muli pafupi."

Bakari anayang'ana dzuwa. Nthawi inalipo, koma osati ya munthu woyenda ngati iye. Anathokoza Yasini, naponda mafuta.

Amene anaiona lole ija tsiku limenelo amanena mpaka lero kuti sanakhulupirire kuti ndi Bakari. Mbuzi zinabalalika, amayi osenza chinangwa anathawira m'tchire, matumba a feteleza akudumpha kumbuyo. Iye mwini anachita mantha ndi mmene chiwongolero chinkanjenjemerera, koma phazi sanalichotse.

Asanafike ku Dwangwa anapeza mtengo uli chopingasa pa migolo. Wapolisi anali atakweza kale dzanja. Anali mnyamata wa nkhope yotopa, ndipo ataona nambala za lole anayamba Chiswahili chake chothyokathyoka, kuti bwana mwathamanga kwambiri. Kanali koyamba m'moyo wa Bakari kuti mlanduwo ukhale woona. Dzanja la wapolisi linali kale m'munsi mwa windo, pamalo pamene anthu ena sangaone.

Kanthu kanali kokonzeka m'laisensi. Kukanangotenga nthawi yomwera madzi. Koma Bakari anali ndi chisoni, ndipo chisoni chinamukumbutsa kuti ali kwawo. Kuno munthu ukatchula maliro anthu amapatuka, wanjinga amatsika, ngakhale woledzera amavula chipewa. Anaona kuti n'zochititsa manyazi kugula njira yopita kukaika mayi ake, pa dothi lakwawo, ngati Mswahili wongodutsa. Anabweza laisensi m'thumba, nalankhula Chichewa chake cha ku Kota Kota, mokweza ndithu.

"Bwana, ine ndine wa konkuno, mwana wa a Mwanahalima a ku boma. Ndathamangadi, sindikukana. Mayi anga amwalira, akuikidwa lero. Ndiloleni ndipite."

Dzanja la wapolisi linabwerera msangamsanga ngati lagwira mbaula. Anayang'ana kumbuyo. Pansi pa mtengo wa mango panali benchi, ndipo pa benchipo panakhala anyamata a chipani a malaya ofiira. Mkulu wawo, Sailesi, anali atamva Chichewacho. Anadzuka, nabwera mosafulumira.

Sailesi sanali munthu wachipongwe, tisamunamizire. Anavula chipewa, anapepesa maliro mwaulemu wake wonse, anafunsa ngati mayiwo anadwala nthawi yaitali. Atatha zonsezo ndi pamene anati, "Ndiye poti ndinu a konkuno, bambo, tione nawo khadi."

Bakari anatulutsa limene anali nalo. Linali la chaka chatha.

"La chaka chino lili m'chitini kwa mayi anga," anatero. "Amandigulira ndi iwo."

"Mayi anu omwe amwalirawo?"

"Omwewo."

Sailesi anapukusa mutu momvetsa chisoni. Anati akukhulupirira, koma khadi la m'chitini silidutsitsa munthu pa chipata. Bakari anati agula lina pompo. Sailesi anati zikanatheka bwenzi zili bwino, koma makhadi ali ndi mlembi wa nthambi, ndipo mlembiyo wapita kumudzi wina kumene amayi akuphunzira nyimbo za msonkhano. Anatuma mnzake pa njinga kuti akamuitane. Anamubweretsera Bakari ndi madzi akumwa.

Apo Bakari anatembenukira kwa wapolisi uja, natulutsa laisensi ili ndi kanthu kake m'kati, monga ankachitira ku mayiko onse. Wapolisiyo anabwerera m'mbuyo, nalankhula mokweza kuti a pa benchi amve.

"Bambo, mukufuna kundipatsa chiphuphu? Kuno ndi ku Malawi. Bwezani zimenezo ndisanakutsekereni."

Ndipo analemba mlandu wa liwiro mwadongosolo lake, chilembo chilichonse bwinobwino, nauza Bakari kuti akalipire ku ofesi n'kulandira lisiti.

Bakari anakhala pa tayala la lole, dzuwa likupendeka. Basi yopita ku boma inafika. Anaimirira kuti asiye feteleza yense pomwepo akwere, koma anyamata aja anali kale pakhomo la basi kuona makhadi a okwera, ndipo Sailesi anangomuyang'ana mopepesa. Kenako inabwera lole ina ya nambala za ku Tanzania, ikuthamanga kuposa mmene iye anathamangira. Dalaivala wake anali Mswahili weniweni. Wapolisi anapita mbali ya kuseri kwa lole, kunamveka kuseka pang'ono, mtengo unakwezedwa. Bakari anaiyang'ana mpaka fumbi lake linatha. Anaswali alasiri pambali pa msewu, pa thumba la feteleza lopanda kanthu.

Mlembi anabwera ndithu, thukuta lili kamukamu, napepesa kuchedwa. Khadi linagulidwa, mtengo unakwezedwa, Sailesi anamufunira ulendo wabwino. Kuchokera pamenepo mpaka ku boma Bakari anayendetsa pang'onopang'ono monga mwa masiku onse.

Anakumana ndi amuna akuchokera kumanda, jeneza lonyamulira maliro lili pa mapewa lopanda kanthu. A shehe anamugwira dzanja, namuuza kuti anadikira mmene akanathera. Iye anafunsa funso limodzi lokha, kuti analowa m'dzenje ndani. Anamuuza kuti ndi mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake Rahila, pamodzi ndi mwana wa a neba. Anali anthu abwino onse awiri, ndipo Bakari anawathokoza.

Kunyumba mlongo wake Rahila anamupatsa chitini cha tiyi chija. Khadi linalimo, dzina lake litalembedwa bwino, lili ndi kadontho ka mafuta a zitumbuwa pakona. Anali nawo awiri tsopano a chaka chimodzi. Anawaika pamodzi m'thumba la malaya. Analira pambuyo pake, ali yekha m'lole, ndipo Rahila amene anamuona pa windo sanamuyandikire.

Chindapusa anakalipira, lisiti analandira. Feteleza anakafika ku Lilongwe. Ntchito anaigwirabe zaka zambiri, mpaka maso atayamba kuchita nkhungu, ndipo njinga zinapitiriza kumupitirira pa zitunda. Sanathamangenso, ngakhale kuti kunja anapitiriza kulipira milandu ya liwiro ngati kale.

Chimene chinasintha n'chimodzi. Yasini, amene anakwera naye ulendo wina lole yake itawonongeka, ndiye amakamba. Anafika pa chipata china cha kufupi ndi kwawo, mitengo ya mgwalangwa ya ku boma ikuonekera patali. Wapolisi wachikulire anayang'ana nambala za lole, nayang'ana nkhope ya dalaivala, nakayikira.

"Koma inu simuli a konkuno inu? Nkhopeyi ndi ya kwa a Mwanahalima a zitumbuwa."

Makhadi a chaka chimenecho anali m'thumba, liwiro linali labwino, mlandu panalibe. Bakari anavula kofiya, nayankha m'Chiswahili kuti pepani bwana, chinenero chanucho sindikumva. Anapereka laisensi ili ndi kanthu m'kati, maso ali pansi, ndipo mtengo unakwezedwa.