Batani la juzi yofiira

Mwaswera bwanji nonse.

Dzulo ndinapalasa njinga kupita ku Mambwe nditavala juzi yofiira ija anandilukira malemu amayi anu. Pobwerera batani linathothoka. Nkhalamba yonseyi ndinagwada pamsewu n'kumapalasa fumbi ngati nkhuku, mpaka mayi wogulitsa vitumbuwa anafunsa kuti, "Ambuya, mwataya dzino?"

Sindinakuuzenipo, koma dzina la nkhukulo ndinkanyozera nalo amayi anu akamatola mabatani m'njira. Iwo ankati batani lotola limaitana mlendo. Ine, amene ndinayamba sukulu ndevu zitamera kale, ndinkati ndi zaumbuli.

Batani langa silinaoneke. Nditafika kunyumba ndinatsegula chitini cha amayi anu, chomwe sindinachikhudze chimwalirire iwo. Mabatani ali tho, koma chikununkhirabe nshawa, mtedza wokazinga umene ankasungiramo alendo. Ndinangokhala pansi.

Lero m'mawa ndasankha lobiriwira n'kusoka ndekha. Lapendekeka, chala chatupa.

Tsopano mdzukulu wanga Tisa akuti ndi juzi imeneyi sindilowa pa ukwati wake Loweruka. Ine ndimafuna ambuya ake aakazi, amayi anuwo, akakhalepo kudzera m'juziyi. Mukuti bwanji, ndiivuledi?