Tsiku limene Amayi anakwera njinga ya mkamwini wawo

Chizindikiro choyamba chinaoneka Lamulungu lina m'mwezi wa Juni: Amayi sanapite ku Misa. Mayi amene anabala ana asanu ndi atatu, nalera zidzukulu ndi khasu lawo lokha m'tsinde mwa phiri la Mphunzi, anali asanajombepo kutchalitchi chizindikirire ine. Iwo anati n'chisanu chabe.

Pofika Lachiwiri chifuwa chinakula, thupi linatentha, ndipo popuma ankagwira m'nthiti. Ine mwana wawo woyamba, waimvi kale, ndinawapempha kuti tipite kuchipatala, koma anakana. Kwathu galimoto sifika, ndipo njinga yamoto yokhayo m'mudzimo inali ya amuna anga. Zaka zonse za ukwati wathu, Amayi ndi mkamwini wawoyo anali asanadyerepo pamodzi. Akakumana m'njira, wina ankapatuka. Kukhala kumbuyo kwawo n'kuwagwira m'chiuno, kwa Amayi kunali kosatheka. Tinataya masiku awiri.

Lachinayi m'mawa, mpweya utayamba kuperewera, amuna anga anagwada kunja kwa khomo nati, "Amayi, ndakupatukirani zaka zonsezi. Lero lokha ndiloleni ndikhale mwana wanu." Kenaka Amayi anandiuza motsitsa kuti, "Nabanda, tenga chitenje." Ndinawamangirira kumsana kwa mkamwini wawo monga iwo ankatimangirira tonsefe, ine n'kutsatira pansi.

Kuchipatala adokotala anapeza kuti ndi chibayo. Namwino anandiuza kuti, "Mukanadikira mawa, agogowa sitikanatha kuwathandiza." Anagonekedwa sabata yathunthu, akulandira jakisoni m'mawa ndi madzulo ndiponso mpweya wa m'makina, ine ndili pamphasa pambali pa bedi. Tsiku lachisanu anapempha phala, nafunsa ngati kachewere wawo wa kudimba akuthiriridwa. Pamenepo mtima wanga unakhala pansi.

Lero Amayi ali bwino. Ku Misa amapita ndi ndodo, osachedwa. Ulemu wa chipongozi unabwerera mwakale: akakumana ndi amuna anga amapatukabe. Koma kachewere woyamba kukumba amamuika m'lichero, nandituma kuti, "Kapatse mwana wanga uja."

Inu amene mukusunga okalamba, mukaona asiya chimene sanasiyepo chiyambire, musadikire. Funsani chimene chikuwaletsa kupita kuchipatala, ndipo muchichotse tsiku lomwelo. Masiku awiri aja anatsala pang'ono kutilanda Amayi.