Chulu Chimene Ndinapha

Ine ntchito yanga ndi yofufuza za bowa. Anthu akamva amaseka, ati sukulu yonse ija kukaphunzira ndiwo? Ndimangowasiya, pakamwa ndi pawo. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndinachita ndi maphunziro angawa chimene chimandiwawa mpaka lero.

M'munda mwa amayi, kumtunda kwa minda ya mpunga ku Lifuwu, munali chulu. Mvula ikagwa masiku atatu motsatizana, tinkalawira nkhungu isanachoke, ndipo tinkapeza utale utatuluka mozungulira chulucho, wotambalala ngati malichero. Kaya unalidi waukulu choncho, kaya ndi maso a umwana, sindidziwa. Ndikamakumbuka ndimaona ngati tinkayenda tili m'tulo, mame m'miyendo, achule akulira m'madzi, amayi ali patsogolo. Iwo ankazula ndi kamtengo pang'onopang'ono, kenako n'kukwirira dzenje ndi chidendene. Ankati chulu sachisiya kukamwa kuli yasa.

Kusukulu ndinaphunzira kuti utale ndi munda wa chiswe. Chiswe chimaulima pansi, m'zipinda zake zamdima, ndipo m'manja mwa munthu umakana kubala. Ine ndi phuma langali ndinati ndiulima ndithu, anthu azidya utale ngakhale m'chilimwe. Bowa wina ndinkamulima kale m'majumbo a mapesi a mpunga, ndiye mutu unakula.

Ndinafika kumudzi ndi mabotolo, n'kutenga khasu. Amayi anandiletsa, ine n'kuwayankha kuti zimenezo n'zachikale. Pakamwa pangapa! Ndinakumba mpaka dzenje linandilekeza m'chiuno, n'kutapa zisa za chiswe zimene utale umamerapo. Mvula itayamba ndinathamangira minibasi ya ku Salima, osakwirira. Linthumbu linalowera pomwepo n'kumaliza chiswe chonse.

Dzinja lotsatira utale sunatuluke. Mng'ono wanga ankandiuza pa foni kuti amayi amapitabe m'mawa ndi dengu, amaima pang'ono pachulupo, n'kubwerera opanda kanthu. Sanandidzudzule ngakhale tsiku limodzi. Bola akanandikalipira, ndikanapeza poyankhira.

Kuntchito, zimene ndinatapa zija zinamera m'kambale kagalasi, timaulusi toyera ngati thonje. Tinali tamoyo ndithu. Ndinkatisamutsira m'mbale zatsopano, kutipatsa chakudya ichi ndi icho, nthawi zina kutiyankhula ngati ndapenga. Zaka zinadutsa osabala ngakhale kabowa kamodzi.

Tsiku lina, mvula itangoyamba, ndinapita nako kambaleko kumudzi kuti amayi aone kuti chulu chawo sichinafe pachabe. Anakatembenuza, anakayang'ana pa dzuwa, n'kufunsa ngati ameneyu ndiye utale wawo uja. Ndinavomera.

"Wawonda mwanayu," anatero. "Kam'bwezere pachulu, mwina akumbuka kwawo."

Ndinkadziwa bwino lomwe kuti chulu chopanda chiswe sichibala. Zimenezi ndimaphunzitsa ena, ndi choko pa bolodi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma ndinaona atamanga kale mpango kumutu, akufunafuna ndodo yawo kuseri kwa chitseko.

Tinapita. Chulu chinali chitagumuka mbali imodzi, udzu utamerapo. Ndinagwada m'matope ndi siketi yanga ya kuntchito, ndinafukula ndi zala n'kuika timaulusi tija m'dothi, manyazi atandigwira.

Pobwerera amayi ankayenda mopepuka, akuyang'ana mitambo ya kunyanja. Anandifunsa kuti mvula ikagwa bwino tiyambe liti kukaona.

Ndinati Lachisanu.